Chinamwali Chopanda Tsiku Lotulukira: Kayalidwe ka Nkhani mu Filimu ya I Am Not a Witch

1.0 Mau Oyamba

Mphunzitsi wa Chinyanja pa sukulu za ku Chunga, Matero kapena George akapempha ophunzira ake kuti alembe nkhani yopeka ya mwana amene akukula, kawirikawiri amalandira nkhani zofanana mafupa ngakhale minofu isiyane. Mnyamata afuna chinthu, alakwa pochifuna, abisa cholakwacho, chiululika pamaso pa anthu, iye apepesa, ndipo nkhani itha onse akuseka. Ophunzirawa sanatenge kayalidwe kotere kwa agogo awo ai. Anakatenga m'mafilimu anthabwala a achinyamata amene amaonera pa wailesi yakanema ndi pa lamya za m'manja. Ife sitikadana nako kayalidweka, koma nkhawa yathu ndi yakuti kakatsala kokha, ana athu adzakhulupirira kuti aliyense wolowa m'mavuto a ubwana amatulukamo ali wamkulu.

M'nkhani ino tisanthula filimu yotchedwa I Am Not a Witch, imene inalembedwa ndi kutsogoleredwa ndi Rungano Nyoni, mayi wobadwira mu Lusaka ndi kukulira ku Wales. Filimuyi inaonetsedwa koyamba ku Cannes mu 2017, ndipo mu 2018 inapata mphoto ya BAFTA yoperekedwa kwa wopanga filimu yake yoyamba. Cholinga chathu ndi kuonetsa kuti nkhani yake inamangidwa pa mizati ya chinamwali, ndi kuti mphamvu yake yagona pa mzati umodzi umene mmisiriyu anauzula dala.

2.0 Kayalidwe Kozolowereka

Mu 1909 Arnold van Gennep anafotokoza kuti miyambo yokuza munthu ili ndi magawo atatu: kupatulidwa, kukhala pakati, ndi kubwezedwa kwa anthu. Victor Turner, amene anachita kafukufuku pakati pa Andembu a ku Mwinilunga, anazamitsa gawo lapakatilo, pamene munthu saali mwana komanso sanakhale wamkulu. Kwa Achewa zimenezi si zachilendo. Mtsikana akatha msinkhu amachotsedwa pakati pa anzake, amabindikiritsidwa m'tsimba kumene anamkungwi amamulanga, ndipo pomaliza amametedwa, kuvekedwa zatsopano ndi kutulutsidwa pabwalo. Gawo lachitatuli ndilo limapereka tanthauzo kwa awiri oyambawo. Namwali amapirira m'tsimba chifukwa akudziwa kuti tsiku lotuluka lilipo.

Filimu yanthabwala ya achinyamata imayenda m'mapazi omwewa. Chitsanzo chodziwika m'chigawo chathu ndi Yellow Card, imene John Riber anatsogolera ku Zimbabwe mu 2000. Tiyane, katswiri wa mpira, apatsa pathupi mtsikana wina mtima wake uli kwa wina. Ayesa kuzemba, tiseka naye, koma pamapeto udindo wa ubambo umupeza. Nthabwala zili pakati, kukula kuli kumapeto. Muyeso umenewu ndiwo tiyezere filimu ya Nyoni.

3.0 Gawo Loyamba: Kupatulidwa

Filimuyi iyamba ndi alendo odzaona malo amene abwera kudzajambula amayi okalamba otchedwa mfiti. Amayiwa akhala kuseri kwa mpanda, ndipo aliyense wamangidwa kumsana ndi riboni yoyera yaitali, akuti kuti asauluke. Tisanamuone n'komwe mtengambali wamkulu, taona kale kumene akupita. Motero funso la woonera silikhala lakuti "zitha bwanji?" koma lakuti "kodi mwanayu apulumuka?"

Kenaka mayi wosenza madzi agwa ataona kamtsikana kachilendo, ka zaka zosakwana khumi, kataima panjira. Mlandu upita ku polisi. Pamenepa mpamene pali nthabwala yoyamba yaikulu: mboni ina ilumbira kuti mwanayo anaidula mkono ndi nkhwangwa, pamene mikono yake yonse iwiri ili pomwepo, ndipo pambuyo pake ivomera kuti zinali kutulo. Timaseka, koma umboni umenewu ndi umene upititsa mlandu patsogolo. Tikumbukire kuti m'malamulo a Zambia, Chaputala 90 chimaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mu filimuyi, boma lomwe liyenera kusunga lamulolo ndilo lifika kudzatenga mwanayo, kudzera mwa a Banda, amene alandira uthenga wa mlanduwu pa lamya ali m'bafa, akazi awo akuwasambitsa.

Gawoli litsekedwa ndi usiku wa m'kanyumba. Mwanayo auzidwa kuti asankhe: adule riboni asanduke mbuzi, kapena aisunge akhale mfiti. M'filimu wamba ya achinyamata, kusankha kwakukulu kumasungidwira pachimake pa nkhani, mtengambali ataphunzira kanthu. Nyoni wakuika koyambirira, mwana asanadziwe chilichonse, ndipo njira zonse ziwiri n'zomuchotsera umunthu. Kunena zoona, uku si kusankha ai. Ndi msampha wovekedwa dzina la kusankha.

4.0 Gawo Lachiwiri: Tsimba

Msasa wa mfiti ugwira ntchito ya tsimba. Amayi okalamba alandira mwanayo ngati anamkungwi, namupatsa dzina lakuti Shula, lochokera ku mneni wa Chibemba wofanana ndi "kuzula" wa Chinyanja. Monga namwali, Shula avekedwa zovala zachilendo ndi kupakidwa kumaso. Monga namwali, alangizidwa. Koma tikapenda malangizowo, tiona kuti onse ndi a kapulumukidwe, palibe a kakulidwe.

Chigawo cha kubwalo la milandu chionetsa bwino zimenezi. Shula aimiritsidwa pamaso pa amuna oganiziridwa kuba kuti aloze wakuba. Posowa chochita, aimbira lamya agogo a kumsasa, amene apereka malangizo osemphana, aliyense ndi maganizo ake. Iye aloza mmodzi, ndipo katundu apezekadi. M'kayalidwe kozolowereka, apa mpamene mtengambali amapambana koyamba n'kuyamba kudzidalira. Kwa Shula, kupambanako kulimbitsa unyolo, pakuti tsopano a Banda aona kuti mwanayu ndi munda. Chilichonse chimene achita bwino chimuonjezera ntchito: alonjezedwa kwa mzungu kuti agwetsa mvula, ndipo atengeredwa ku wailesi yakanema kukatsatsa mazira otchedwa dzina lake.

Phungu weniweni wa Shula ndi Charity, mkazi wa a Banda. Iye amakhala m'nyumba yabwino, amavala bwino, ndipo aphunzitsa Shula kuti kumvera ndi ukwati ndizo zimagula ulemu. Koma aulula kuti nayenso ali ndi riboni yake, ndipo tsiku lina anthu amuzindikira pamalo ogulira zinthu, namuchita chipongwe. Chigawo chimenechi ndi msana wa filimu yonse. Shula aona ndi maso ake munthu amene "anatuluka" m'tsimba, napeza kuti sanatuluke konse; riboni inangotalikitsidwa.

Pa wailesi yakanema paja, pafunsidwa ngati n'kutheka kuti Shula ndi mwana chabe. A Banda asowa poyankha, ndipo kamera ikhala nthawi yaitali pa nkhope ya mwanayo misozi ikulengeza. Kuyambira apa nthabwala ziyamba kuuma. Shula aloledwa kulowa sukulu, imene poyamba ankangoimvera patali, koma posakhalitsa achotsedwamo. Khomo lokhalo loona latsekedwa.

5.0 Gawo Lachitatu: Kutuluka Kumene Kulibe

Pafupi ndi mapeto, Shula anena kuti kukanakhala bwino akanasankha kukhala mbuzi. Mau amenewa abweza nkhani ku usiku wa m'kanyumba, kotero kuti kayalidwe kamene timayesa mzere wopita patsogolo kaoneka kuti ndi bwalo lozungulira. Usiku wina achoka. Sitionetsedwa chimene chichitika. Tingoona mtembo utabweretsedwa pa ngolo, amayi aja akuulira atavala zofiira, ndipo mvula imene inakana kugwa nthawi yonseyi igwa. Pomaliza tiona galimoto lija lonyamula amayi lili lokha, mariboni akuuluzika opanda owamanga, ndipo patali pamveka kulira kwa mbuzi.

Taonani kuti zizindikiro zonse za tsiku lotulukira namwali zilipo: khamu la amayi, nyimbo, zovala zapadera, mwana ali pakati. Chosowa ndi chimodzi, namwali wamoyo. Mwambo wotulutsa wasanduka maliro. Ndipo kusintha kumene nkhani za kukula zimalonjeza kwachitikadi, koma kwachitikira ena: zikuoneka kuti anamkungwi ndiwo adula mariboni awo. Mwana walanga akulu.

6.0 Zofooka

Sitingabise kuti kayalidweka kali ndi mtengo wake. Choyamba, zochitika za m'gawo lapakati sizibalana. Bwalo la milandu, mvula, mazira ndi alendo zikhoza kusinthanitsidwa malo popanda nkhani kuonongeka kwenikweni, monga mikanda pa ulusi. Wina anganene kuti umu ndi mmene nthano za kalulu zimayendera, ndipo ife tivomera. Koma kalulu ndi amene amayambitsa zochitika zake, pamene Shula amangonyamulidwa kuchoka apa kupita apo.

Chachiwiri, Shula, amene anaseweredwa mogwira mtima ndi Maggie Mulubwa, salankhula kwenikweni. Kukhala chete kwakeko kuli ndi mphamvu, koma kutimana mwayi wodziwa chimene iye akufuna kupatula sukulu. Pachimake pa nkhani pabisidwanso kwa woonera. Zotsatira zake n'zakuti a Banda, amene Henry B.J. Phiri anawasewera mwaluso, ndiwo amatsala m'makutu mwathu, ndipo pali ngozi yakuti woonera akumbukire wozunza kuposa wozunzidwa.

Chachitatu, Nyoni anachita kafukufuku wake pa msasa wa amayi otchedwa mfiti ku Ghana, ndipo mariboni ndi chiphiphiritso chimene anapeka yekha. Woonera wa ku Chunga amazindikira msanga kuti iyi ndi nthano yokuza zinthu dala, pakuti akumva Chinyanja, Chibemba ndi Chitonga cha atengambali, ndipo akudziwa pamene akuseleula. Woonera wakunja, wodalira mau olembedwa pansi pa chithunzi, akhoza kuiyesa mbiri yeniyeni ya Zambia.

7.0 Mau Otsiriza

Taonetsa kuti I Am Not a Witch itsatira magawo a chinamwali mokhulupirika kufikira pakhomo la gawo lachitatu, ndipo pamenepo ikana kulowa. Nthabwala zake si zokometsera chabe: ndizo zimatinyengerera kuti tiyembekeze mathero okondweretsa, kuti pamene asowa timve kulemera kwake.

Kwa aphunzitsi a chinenero, tikulangiza kuti filimuyi iphunzitsidwe pamodzi ndi ina ya kayalidwe kozolowereka, monga Yellow Card, kapena Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, nkhani ya zojambula ya 2023 yonena za atsikana anayi a mu Lusaka. Ophunzira apemphedwe kuloza pamene mtengambali apatulidwa, amene amulanga, ndi amene amutsegulira khomo. Kenaka afunsidwe za mtsikana wa m'komboni mwao amene anasiya sukulu chifukwa cha pathupi kapena kusowa ndalama: kodi nkhani yake ili ndi magawo angati? Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wophunzira amene angathe kuwerenga magawo a nkhani ya Shula adzatha kuonanso pamene nkhani ya mnzake yadulidwa isanathe, ndipo mwina adzafunsa amene anaidula.