Voti ndi Madzi m'Mabuku Awiri a Chinua Achebe

Alembi ambiri a mu Africa akafuna kukamba za chisankho sakonda kutchula dziko lawo lenileni. Amaumba dziko lopeka, nalipatsa likulu, zipani, nduna ndi nyuzipepala zake, kenaka nkuchititsa chisankho m'menemo. Mmodzi mwa akatswiri pa luso limeneli ndi Chinua Achebe wa ku Nigeria, ndipo m'nkhani ino ndikufuna kuunika mabuku ake awiri, A Man of the People la mu 1966 ndi Anthills of the Savannah la mu 1987. Funso langa ndi lakuti, chisankho chikaonongeka, wolakwa ndani pakati pa wovota ndi wovoteredwa?

M'buku loyambalo dziko silinatchulidwe dzina, koma likulu lake ndi Bori. Wofotokoza nkhani ndi Odili Samalu, mphunzitsi wachinyamata, yemwe akupikisana pa mpando wa phungu ndi Chief Nanga, nduna ya zachikhalidwe amene kale anali mphunzitsi wake. Chisankhocho chikuyenda mwa chipwirikiti. Odili akumenyedwa pa msonkhano wa Nanga mpaka kukagonekedwa m'chipatala, mapepala ake oimira sakufika kwa oyendetsa chisankho, ndipo Nanga akudutsa wopanda wopikisana naye. Max, mnzake wa Odili, akugundidwa dala ndi galimoto ya anthu a nduna ina, Chief Koko, tsiku loponya voti, ndipo Eunice, bwenzi la Max, akuwombera Koko pomwepo. Pamapeto pake asilikali akulanda boma.

Odili akuloza chala anthu wamba. Kwa iye, anthuwo ndi osalabada: amadziwa kuti nduna zikuba koma amaziombera m'manja poyembekeza kuti nawonso adzanyambitako. Owerenga ambiri amatenga maganizo amenewa ngati a Achebe mwini. Ine ndikukana. Tisaiwale kuti Odili analowa ndale chifukwa cha mkwiyo, Nanga atagona ndi bwenzi lake Elsie, ndipo cholinga chake choyamba chinali kulanda Edna, mtsikana amene ndunayo inkafuna kukwatira ngati mkazi wachiwiri. Ngakhale Max, mtsogoleri wa chipani chatsopanocho, analandira ndalama za Koko. Mboni yotere tiyenera kuimvera ndi khutu limodzi.

Tikayang'ana zochitika m'bukumo, osati ndemanga za Odili, tikupeza nkhani ina. Anthu a ku Urua, kwawo kwa Odili, ataonetsa kuti akumvera mwana wawo, malole a boma anabwera nkudzanyamula mapaipi a madzi amene anali atatulidwa kale m'mudzimo. Bambo ake a Odili anachotsedwa pa udindo wawo m'chipani cholamula nkuwakwezeranso msonkho. Mudzi utalengeza kuti wabwerera kwa Nanga, mapaipi anayamba kubwerera. Kodi munthu amene wasankha madzi akumwa a ana ake tinganene kuti ndi wosalabada? Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Nanga anakhala pa mkhate wa mudzi, ndipo anthu anadziwa kuti akamugenda aswa mkhate wawo womwe.

Umboni wina ndi wa Josiah, mwini sitolo wa ku Anata, yemwe anaba ndodo ya Azoge, munthu wosaona, kuti akapangire mankhwala okopera makasitomala. Mudzi wonse unaleka kugula m'sitolo mwake mpaka anatseka. Apa tikuona kuti anthuwo amadziwa kusiyanitsa chabwino ndi choipa, ndipo amalanga wakuba ngati ali ndi njira yomulangira. Josiah analibe apolisi, wailesi kapena malole onyamula mapaipi. Nanga anali nazo zonsezi.

Patapita zaka 21, Achebe anabwereranso ku nkhani ya madzi. Anthills of the Savannah likuchitikira m'dziko lopeka la Kangan, lolamulidwa ndi msilikali wotchedwa Sam. Iye anachititsa riferendamu yoti akhale pulezidenti wamuyaya, koma chigawo cha Abazon chinakana. Chilala chitavuta, ntchito yokumba mijigo ku Abazon inaimitsidwa, ndipo akuluakulu a kumeneko anayenda ulendo wautali kupita ku likulu la Bassa kukapempha chifundo. Mtsogoleriyo anakana kuwaona, ndipo pambuyo pake anamangidwa. Kusiyana kwa mabuku awiriwa nkwakuti m'buku lachiwirili wovota wapatsidwa pakamwa. Nkhalamba ya ku Abazon ikudzifotokozera yokha chifukwa chake anthu ake anakana, ndiponso chifukwa chake tsopano abwera kudzagwada. Palibe Odili woti atiuze kuti anthuwa ndi mbuli. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti buku lachiwirili ndi lokhwima kuposa loyamba, ngakhale loyambalo ndi lokoma kuwerenga chifukwa cha nthabwala zake.

Komabe mabuku onsewa ali ndi chilema chimodzi. Onse awiri akuthera pa mfuti. A Man of the People anthu amalitama chifukwa linatuluka m'masiku omwe asilikali anagwetsa boma ku Nigeria pa 15 Januwale 1966, moti ena anamuganizira Achebe kuti ankadziwa za chiwembucho. Koma kulosera molondola sikuthetsa vuto la nkhaniyo. Mlembi anamanga mfundo yovuta ya chisankho, ndipo m'malo moimasula anaitana msilikali kuti adzaidule ndi mpeni. Wowerenga amatseka buku asanaone tsiku limene voti ya munthu wa ku Urua ingadzakhale ndi mphamvu. Ku Kangan nako Sam akugwetsedwa ndi asilikali anzake, osati ndi anthu a ku Abazon.

Ubwino wa dziko lopeka ngwakuti aliyense amadzionamo. Ife kuno tinakhalapo ndi pulezidenti wamuyaya kuyambira mu 1971, ndipo chinatsegula njira ya zipani zambiri ndi riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Mu 2020 khoti linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu 2019, anthu nkukavotanso. Choncho mbiri yathu ili ndi mathero amene Achebe sanawalembe. Lamulo la zipani la mu 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa ovota, koma mawu akuti dera lovotera otsutsa silidzaona chitukuko si achilendo m'makutu mwathu.

Kwa alembi anzanga olemba m'Chichewa pempho langa ndi ili. Mukaumba dziko lanu ndi kuchititsamo chisankho, musathamangire kunyoza mayi wovina pa msonkhano atavala nsalu ya chipani. Yambani mwamutsatira kunyumba kwake, muone komwe amatunga madzi ndi amene ali ndi mphamvu yotseka mjigowo.