Nsanja ya ku Area 18 ndi Amtengatenga

Abale, nsanja ya cikumbutso ca nkhondo imene iri ku Area 18 njokongola ndithu, ndipo sitiinyoza ai. Koma munthu wocokera ku Kawale kapena ku Biwi akafikapo, maso ace ayamba kugwa pa cifaniziro ca Dr. Kamuzu Banda, cimene anaciimika pomwepo m'caka ca 2009. Akufa a nkhondo atsalira m'mbuyo. Ndiponso nsanjayo itikumbutsa asilikali, nanga amtengatenga? Pa Nkhondo ya Ciwaya, 1914 kufikira 1918, amuna a Nyasaland ngati 200,000 anasenza akatundu a nkhondo, nkhata pamutu, ambiri ocita kugwidwa m'midzi, ndipo ocuruka anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Onyamula mfuti anali ngati 19,000 okha.