Anthu atatu pa chingwe chimodzi: asodzi a marlin ku Sodwana

Pa 4 Ogasiti 1953, kufupi ndi gombe la Cabo Blanco m'dziko la Peru, Alfred Glassell wa ku America anawedza nsomba ya mtundu wa marlin yakuda yolemera makilogalamu 707. Amenewo ndi matumba 14 a chimanga ndi kena kapamwamba. Mpaka lero palibe amene waposa pamenepo motsata malamulo a masewerowa. Kukula kwa nsombayo n'kodabwitsa ndithu, koma ine chimene chimandigwira mtima ndi chingwe chimene anaikokera: chinali cha gulu lija limaduka likalemedwa ndi makilogalamu 60 okha. Nsomba inaposa mphamvu ya chingwe pafupifupi kakhumi ndi kawiri, chingwe osaduka. Zimatheka bwanji?

Kuti munthu aone bwino yankho lake, ndi bwino kusiya zombo zikuluzikulu za anthu achuma n'kupita kumene maboti ndi aang'ono, kumene kulakwitsa kulikonse kumaonekera poyera. Malo otere ndi Sodwana Bay, kumpoto kwa KwaZulu-Natal ku South Africa, m'dera lotetezedwa la iSimangaliso, osati kutali kwenikweni ndi malire a Mozambique. Kumeneko madzi ofunda a Agulhas amayenda cholowera kummwera atayandikira gombe, ndipo pansi pa nyanja pamatsetsereka msanga kulowa m'zigwa zakuya. M'chimodzi mwa zigwazi ndi mmene osambira pansi pa madzi anapeza nsomba yakalekale ija, coelacanth, m'chaka cha 2000. Kuya kukayandikira gombe chotero, nayo marlin imayandikira, makamaka m'miyezi yotentha kuyambira Novembala, ndipo boti la mamita 6 kapena 8 limatha kuifikira.

Ku Sodwana kulibe doko. Boti limalowa m'madzi kuchokera pamchenga, ndipo pakati pa mchengawo ndi nyanja yeniyeni pali mafunde oswekera kugombe. Mbandakucha thirakitala imakankhira boti m'madzi osaya, kuseri kwa miyala ya Jesser Point, aliyense atavala jekete loyandamitsa. Woyendetsa akaliza injini zake ziwiri sathamanga. Amazungulirazungulira kaye pamalo obisikawo akuwerenga mafunde, pakuti mafunde amabwera m'magulu, akuluakulu angapo motsatizana kenako kabata wa kanthawi kochepa. Mpata ukangooneka amatsegula mafuta. Funde likamudzukira kutsogolo mosayembekezera, ayenera kusankha m'kuphethira kwa diso: kulikwera lisanasweke, mphuno ya boti italunjika ndendende, kapena kukhota n'kubwerera kukadikiranso. Pamwamba pa fundelo amabweza mafuta pang'ono kuti boti lisauluke n'kukagwa molakwika. Zonsezi zachitika mbedza isanakhudze n'komwe madzi.

Ena amawedza pokoka nyambo zapulasitiki kumbuyo kwa boti pa liwiro la makilomita pafupifupi 15 pa ola, nyambozo zikuthovola madzi ndi kusiya mzere wa thovu. Njirayi imagwira ntchito, makamaka pa marlin yabuluu. Koma yakuda, ija zipsepse zake za m'mbali zimakhala zouma zosapindika ikakula, imakopeka kwambiri ndi nyambo yamoyo, ndipo apa m'pamene manja a mthandizi wa paboti amayamba kuoneka.

Nyamboyo ndi tuna yaing'ono, ya makilogalamu awiri, atatu, mwina asanu. Tuna imapuma pokhapokha ikusambira. Ikangochedwa kunja kwa madzi, yatha. Ndiye taonani zimene mthandiziyu amachita. Kansomba kakangokwera m'boti amakalandira m'manja onyowa, n'kukatembenuza chagada, n'kukaphimba maso ndi kansalu konyowa, ndipo kamene kamaphiriphitha kaja kamangoti zii. Atenga singano yaitali yokoka kaulusi kolimba, n'kuilowetsa pa kampata kali kutsogolo kwa maso chakumtunda, osakhudza diso lenilenilo, n'kuitulutsira mbali inayo. Akola kaulusiko ku mbedza, apotokola mbedza kangapo, aipisa pansi pa kaulusi, basi. Mbedza yakhala pamphuno pa nyambo popanda kuibaya paliponse. Ntchito yonseyi ndi ya masekondi owerengeka, boti likugwedezeka, pansi pali poterera. Kansombako kakabwerera m'madzi kamasambira kumbuyo kwa boti kwa maola, boti likuyenda pa liwiro la munthu woyenda pansi. Wosadziwa akayesa, nyambo imabwerera m'madzi ili yofooka, n'kumangozungulira ngati yakufa, ndipo marlin imaidutsa osaiyang'ana.

Mthandizi wodziwa amakhala ataika chala pa chingwe. Nyambo ikayamba kunjenjemera ndi kukoka mwamantha, iye wadziwa kale kuti kunsiko kwabwera mlendo, ena onse asanaone kanthu. Amangonena mawu amodzi motsitsa, aliyense n'kukhala pamalo pake.

Marlin imamenya nyambo ndi mlomo wake wautali uja, kapena kungoimeza. Pamenepa aliyense amene anagwirapo mbedza thupi limamuuza kuti koka! Koma mbedza imene ambiri amagwiritsa ntchito masiku ano ndi yozungulira, nsonga yake yopindikira m'kati, ndipo ukaikoka mwadzidzidzi imangotuluka m'kamwa osakola. Woweza, amene wagwira ndodo, ayenera kulekerera chingwe chizipita, nsomba itembenuke, iyambe ulendo wake, ndiyeno amange buleki pang'onopang'ono. Mbedza imatsetsereka kuchoka kukhosi n'kudzakola pangodya ya kamwa, pamene pali polimba ndiponso posapha nsomba. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumeneku n'kwa munthu amene mtima uli phaphapha, akuona chingwe chikutha pagudumu.

Gudumu lokulungira chingwe lili ndi buleki, ndipo chinsinsi chachikulu chagona pamenepo. Asananyamuke kugombe amaiyesa ndi sikelo kuti izilola chingwe kutuluka chikakokedwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake. Pa chingwe cha makilogalamu 37, ndiye kuti pafupifupi makilogalamu 12. Nsomba ikakoka kuposa apo, gudumu limalira, chingwe n'kumapita. Choncho nsombayo silimbana ndi munthu mwachindunji. Imakoka katundu wa makilogalamu 12 kulikonse kumene ikupita, kudumpha naye, kumira naye, mphindi iliyonse, mpaka kutopa.

Koma nambala ija sikhala pamodzi. Chingwe chikamatha pagudumu, mkulungo wotsalawo umachepa, ndipo kuti gudumu lizungulire pamafunika mphamvu yochuluka: mkulungo ukachepa ndi theka, buleki yawirikiza kawiri, popanda wina kuikhudza. Kuwonjezera apo, mamita mazana a chingwe amene ali m'madzi amakhuzana ndi madziwo, ndipo nsomba ikakhota chingwe chimapanga uta waukulu umene pawokha ungathe kuchidula. Ndiye pa nthawi imene nsomba yathawa kutali, gudumu likuoneka kuti litha, mantha akunena kuti manga, wodziwa amamasula. Ndimaona kuti phunziro limeneli ndi lovuta kuposa ena onse m'masewerowa, chifukwa dzanja liyenera kuchita zosemphana ndi zimene mtima ukulamula.

Ntchito ya woweza ikafika pokoka ndi yosavuta kufotokoza koma yowawa kuichita. Atamangirira ndodo ku lamba wa m'chiuno, amaikweza pang'onopang'ono ndi miyendo ndi kulemera kwa thupi, n'kuitsitsa akukulunga chingwe chimene wapezacho. Theka la mita, theka linanso. Wokoka ndi mikono amatha mphamvu ola lisanakwane. Chingwe chisalendewere ngakhale kamodzi, ndipo chala chizichiyala bwino pagudumu kuti chisaunjikane mbali imodzi.

Nthawi yonseyi woyendetsa boti ndiye akuwedza zenizeni, ngakhale sakhudza ndodo. Zombo zikuluzikulu zimatsata nsomba chobwerera m'mbuyo. Boti laling'ono la injini zakumbuyo likatero pa nyanja yowinduka, madzi amalowera kumbuyoko. Choncho woyendetsa amatembenuka n'kuithamangitsa chakutsogolo, chingwe chili chakumbali, woweza akukulunga mofulumira. Chovuta n'chakuti pamene chingwe chalowera m'madzi si pamene pali nsomba: chingwe chimatha kuloza kumanja, nsomba n'kudumpha kumanzere, mamita mazana awiri kutali, thupi lonse lili m'mwamba, mutu ukupukusa. Woyendetsa ayenera kusunga m'mutu mwake chithunzi cha uta wonse uli pansi pa madziwo, kuuwongola pang'onopang'ono, osaupondetsa ndi mapulopela, diso lina lili pa mafunde amene akumumenya m'mbali. Nsomba ikamira n'kukakhala duu pansi, kukoka molunjika m'mwamba n'kungodzipweteka msana. Iye amasuntha boti, kusintha mbali imene chingwe chikukokera, kuisokoneza nsombayo mpaka itadzutsa mutu n'kuyamba kukwera. Amafulumira pa chifukwa chabwino: nkhondo ikatalika nsomba imatha kufera pansi chifukwa cha kutopa, kapena shaki zimaipeza.

Bungwe la International Game Fish Association, limene linakhazikitsidwa mu 1939 ndipo limasunga mbiri ya nsomba zazikulu, lili ndi lamulo lokhwima: nsomba ikangoluma, palibe wina wololedwa kukhudza ndodo, gudumu kapena chingwe kupatula woweza yekha. Mthandizi amaloledwa kugwira lida basi, chingwe chokhuthala cha kumapeto chimene chimapirira kukhuzidwa ndi mlomo wokhakhala wa nsombayo, ndipo pa zingwe zazikulu lidayo sipitirira mamita 9. Mamita 9 amenewa ndiwo oopsa kuposa ena onse.

Lida ikatuluka m'madzi, mthandizi amaweramira kunja, mawondo atatsamira khoma la boti, atavala magolovesi okhuthala. Pano palibenso buleki. Pakati pa iye ndi nyama ya makilogalamu 200 kapena 300 pali chingwe cholimba kuposa kulemera kwa thupi la mthandiziyo. Amachikulunga kuzungulira chikhatho kawiri, mwa njira yoti mikulungoyo igone moyandikana osapingasana, kuti akangotambasula zala n'kuloza dzanja kwa nsomba, chingwe chonse chivuke chokha. Mkulungo umodzi ukakwera pa unzake, dzanja lamangidwa, ndipo alipo anthu amene anakokeredwa m'nyanja motero osabwereranso. N'chifukwa chake amakhala ndi kampeni kodulira pachifuwa. Chingwe chimene wakoka sachiunjika pamapazi pake. Amachiponya kunja m'madzi kuti chisakole mwendo wa munthu. Amakoka mosalala, dzanja ili kenako ilo, mikono ili pafupi ndi thupi, akuwerenga nsombayo: mutu ukatsika, mchira ukayamba kumenya mwamphamvu, wadziwa kuti ikufuna kudumpha kapena kuthawa. Pamenepo amasankha kugwiritsa kapena kutaya. Wodziwa sachita manyazi kutaya lida kawiri, katatu, woweza n'kuyambanso kukoka. Ndipo woyendetsa amasunga boti likuyenda kutsogolo pang'ono, kuti nsomba izisambira motsatana nalo, mlomo wake usaloze m'boti.

Kale mapeto a zonsezi anali ngowe yaikulu ndi chithunzi pasikelo. Lero ambiri amaimasula. Marlin zikuluzikulu zonse ndi zazikazi, zoikira mazira mamiliyoni, ndipo asodzi aphunzira kuwerengera zimenezo. Ku South Africa, bungwe la Oceanographic Research Institute la ku Durban lakhala likuyendetsa ntchito yoika zizindikiro pa nsomba kuyambira 1984, mothandizana ndi asodzi omwewa. Kachizindikiro ka nambala kamabayidwa paphewa pansi pa chipsepse cha pamsana, mbedza n'kuchotsedwa kapena lida kudulidwa pafupi ndi kamwa. Nsomba ikakhala yatopa kwambiri, mthandizi amaigwira mlomo ndi manja awiri, mutu uli m'madzi, boti likuyenda pang'onopang'ono kuti madzi adutse mopumira mwake. Amadikira. Khungu limene linazilala limayamba kubwerera mtundu, mchira umayamba kugwedezeka, kenako nsomba imadzipukusa yokha m'manja mwake, iye n'kuikankhira kutali ndi boti.

Ndikudziwa chimene ena anganene, ndipo sindichinyoza: awa ndi masewera odula, mafuta a tsiku limodzi angadyetse banja kwa nthawi, ndipo nsombayo imazunzika pofuna kusangalatsa munthu amene sakuifuna pa ndiwo. Kuzunzikako n'koona. N'chifukwa chake ndimalemekeza kwambiri aja amagwiritsa ntchito chingwe cholimba mokwanira, mbedza yozungulira, n'kumaliza nkhondo msanga, kusiyana ndi aja amasewera ndi nsomba maola ambiri pa kachingwe kopyapyala pofuna dzina. Pa ntchito imeneyi luso ndi chifundo zimayendera limodzi, pakuti gulu lodziwa ndi lomwe limabweza nsomba m'madzi ikadali ndi mphamvu.

Pobwerera madzulo woyendetsa amakwera pamsana pa funde, osalipitirira, osatsalira, mpaka boti litakwera pamchenga injini atazitukula. Pamenepo anthu amathamangira woweza kukamugwira chanza, ndipo dzina lolembedwa pa mndandanda wa opambana ndi lake. Wagwiradi ntchito, msana ukumuuza. Koma ine mukandifunsa amene wagwira marlin imeneyo, nditchula anthu atatu, ndipo ndiyambira uja wa magolovesi.