Makhalidwe a Nyumba za ku Hogwarts: Kodi Mlembi Anaweruza Mwacilungamo?

M'mabuku asanu ndi awiri a Harry Potter, amene J.K. Rowling anatulutsa kuyambira 1997 kufikira 2007, mwana wa zaka 11 akafika pa sukulu ya Hogwarts amaikidwa m'nyumba imodzi mwa zinai: Gryffindor ya olimba mtima, Ravenclaw ya anzeru, Hufflepuff ya okhulupirika ndi akhama, ndi Slytherin ya ocenjera ofuna ukulu. Colinga ca pepala lino ndi kufufuza ngati mlembi anaweruza nyumbazi molingana.

Coyamba tizindikire kuti kulimba mtima ndi kucenjera ndi mphatso cabe. Ubwino wake umaoneka pa nchito imene mwini wazigwiritsa. Mlembi akudziwa zimenezi. Peter Pettigrew, amene anapereka makolo a Harry kwa Voldemort, anali wa Gryffindor. Severus Snape ndi Regulus Black, amene anamuukira Voldemort mobisa mpaka kutaya moyo, anali a Slytherin. M'nthano zathu Kalulu amapulumuka ndi kucenjera komweko, ndipo omvera samuda.

Komabe kamangidwe ka nkhani kamatsutsana ndi zitsanzozi. Kumapeto kwa buku loyamba Slytherin ikutsogola ndi mapointi 472. Dumbledore akuonjezera Gryffindor mapointi 170 pamaso pa onse, phwando litayamba kale, ndipo ikupambana ndi 482. Woŵerenga amakondwera ndi Neville Longbottom, amene analandira 10 omaliza cifukwa cotsutsa anzake, koma salimbikitsidwa kumvera cisoni ana amene alandidwa cikho ali nako kale m'manja. M'buku lomaliza, Pansy Parkinson atanena kuti Harry aperekedwe, nyumba yonse ya Slytherin ikutulutsidwa poyamba. Mau a mtsikana mmodzi asanduka mlandu wa onse.

Gwero la bvutoli ndi Salazar Slytherin, amene anafuna kuti sukulu ilandire ana a m'mabanja a amatsenga okhaokha. Tsankho limeneli ndi loipa ndithu, ndipo mlembi walidzudzula moyenera. Colakwa cake ndi kulimangirira pa ana amene sanalisankhe. Apa mwambi wa nkhuyu watembenuka: anadya ndi wamkulu, koma zapota ana.

Hufflepuff nayo sinapatsidwe ulemu woyenera. Mwa nyumba zonse, ndi iyo yokha imene maziko ake ndi umunthu weniweni, pakuti Helga Hufflepuff analandira mwana aliyense. Koma ngwazi yake, Cedric Diggory, akuphedwa m'buku lacinai (2000), ndipo imfa yake ikutumikira nkhani ya Harry.

Mphunzitsi woŵerenga mabukuŵa ndi ophunzira ake angacite bwino kuŵafunsa ngati ana a Slytherin anabadwa oipa, kapena anaipa cifukwa sukulu yonse inaŵayembekeza kutero. Funso limeneli likukhudzanso ife amene timagaŵa ana m'magulu a "anzeru" ndi "ofooka" asanakhwime.