Munthu wa Uta ndi Timbila

Tengani kobiri la metikali 5 la caka ca 2006 mulitembenuze. Mbali imodzi kuli timbila ya Acopi a ku Zavala, mbali ina kuli dzina la Banco de Moçambique. Mayi wogulitsa matimati pamsika wa Milange akaona cithunzico amati ndi mangolongondo, ndipo sanaphonye kwenikweni. Koma mawu onse ndi a Cipwitikizi. Kobiri limeneli ndimalikonda, komabe ndili nalo mlandu.

Mlanduwu ndi wakale. Aparti, amene ankalamulira dziko limene lero ndi Iran, anasula ndalama zasiliva potengera za Agiriki amene anawalanda ufumu. Agiriki ankajambula mulungu wawo Apollo atakhala pamwala wopatulika. Aparti anasunga kakhalidweko, koma pamwalapo anakhazikapo munthu wawo wovala buluku, uta uli m'manja. Apa anabwereka mwanzeru. Mawu okha ndiwo anawasiya m'Cigiriki, moti Mithridates Woyamba, atalanda mzinda wa Seleucia mu 141 Yesu asanabadwe, anadzilemba kuti bwenzi la Agiriki.

Patapita mibadwo, osula ndalama ankangokopera zilembo zimene sankaziwerenga, mpaka zinasanduka timizere topanda tanthauzo. Munthu wa uta uja ankadziwikabe. M'nthawi ya Vologases Woyamba, amene analowa ufumu mu 51, zilembo za ciyankhulo cawo zinayamba kuoneka pa ndalamazo.

Kubwereka si kulakwa. Dzina loti metikali linacokera ku Ciarabu, mithqal, muyeso wa golide, ndipo kuyambira pa 16 Juni 1980 pakamwa pathu palizolowera mpaka lasanduka lathu. Timbila ndiye munthu wathu wa uta, ndipo amene anaisankha ndikuwayamika. Cimene cimandiwawa n'cakuti pakobiri lonse palibe liwu limodzi la m'nyumba mwathu. Tikangowoloka ku Muloza, ndalama imaitanidwa kuti kwacha ndi tambala kuyambira 1971, mawu amene mwana amawadziwa asanaone sukulu.

Ena ati ziyankhulo za Mozambique n'zambiri, sizingakwane pakacitsulo kamodzi. N'zoona, koma makobiri nawonso ndi angapo. Lina likhale ndi liwu la Cinyanja, lina la Cilomwe, lina la Cisena, pambali pa Cipwitikizi. Mayi uja awerengeko "zisanu" pa ndalama imene waikhetsera thukuta.