Musamuthamangitse Galuyo

M'sutikesi yakale ya mayi anga muli chithunzi chimene chinajambulidwa tsiku la Khirisimasi kumudzi kwathu, chakum'mawa kwa boma la Kasungu. Malume aima njo ngati msilikali, malaya oyera mbee, nsapato zobwereka, dzanja lili pa handulo ya njinga, wailesi ataikhazika pakaliyala. Kumbuyo kwawo fodya wangofika m'maondo. Ndiye pakona yapansi, chakumanzere, pali theka la galu: miyendo yakumbuyo ndi mchira wopanira. Mutu palibe. Wojambula, bambo wina amene ankazungulira m'midzi kamera ili pakhosi, anali atakuwa kuti, "Chotsani galuyo!" Mwana wina anatola chibuluma, galu n'kuliyatsa liwiro, koma chala cha wojambula chinamuposa changu.

Filimu ankakatsukitsa ku Lilongwe, choncho khadilo linabwera patatha milungu iwiri. Malume ataliona anakana kulipira ndalama yonse, ati galu wawononga khadi. Lero tikalitulutsa palibe amene amayang'ana malaya aja. Aliyense amaloza mchira: "Kodi uyu si Ndakumvani?" Basi nkhani zayambika, za akalulu amene ankagwira kudambo, ndi za mnansi amene dzinalo linkamuzimbaitsa.

Ojambula akale ankalakwa pothamangitsa galu. Amakono, a mafoni m'manja, akulakwa mwanjira ina, ndipo kwa ine kulakwa kwawo n'kokulirapo. Aona pa Facebook azungu atakumbatira agalu awo pa chipale chofewa, galu atamuveka kachipewa kofiira, ndiye nawonso afuna zomwezo. Mnyamata amauza msuweni wake kuti, "Mugwire m'khosimo, yandikitsa nkhope." Koma galu wakumudzi chibadwire sanagwiridwepo chotero. Amauma thupi, makutu amagona, amayang'ana cham'mbali mpaka choyera cha m'maso kuonekera, lilime n'kumanyambita mphuno. Chimene chimatuluka ndi chithunzi cha munthu woseka atapana nyama yofuna kuthawa.

Ubale wa mlimi wa ku Kasungu ndi galu wake uli ndi mtunda wake, mapazi awiri kapena atatu. Galu salowa m'nyumba, sakwera pamphasa, koma amazindikira kulira kwa tcheni cha njinga ya mbuyake isanatulukire pa msewu. Mbuyake akakhala pansi, iye amagona chapatali pang'ono, mphuno ataloza kumene kuli dzanja loponya mkute. Mpata umenewo ndiwo wofunika kujambula. Ukaufafaniza wanama, ukaukulitsa ndiye kuti wajambula alendo awiri amene angokumana panjira. Wojambula waluso amayamba wakhala kaye, kucheza, kulandira chikho cha thobwa, mpaka galu aiwale zoti pakhomo pali mlendo n'kubwerera pamalo pake pa masiku onse.

Kenako pali nkhani ya maondo. Ambiri amajambula ataimirira, ndipo kamera imaona galu monga timamuonera tsiku lililonse: msana ndi pamwamba pa mutu. Elliott Erwitt, wojambula wa bungwe la Magnum amene anamwalira mu 2023, anatchuka ndi zithunzi za agalu chifukwa chotsitsa kamera. Pa chithunzi chake cha mu 1946 ku New York, kagalu kovala juzi kaima pafupi ndi mapazi a mayi wina, ndipo mayiyo timangomuona mapazi ndi m'munsi mwa siketi basi. Dziko lonse lili pa msinkhu wa galu. Erwitt ankanenanso yekha kuti ankauwa kuti galu atukule makutu. Kwathu kuno, kuuwa pakhomo pa eni tsiku la Khirisimasi, adzati mwalawirira kachasu. Kuli bwino kuimika mwana kumbuyo kwanu agogode kambale kamodzi kokha. Makutu amaima kanthawi kosakwana sekondi, ndipo chala chizikhala chili pa batani kale. Musayese kachiwiri. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo satukulira makutu bodza lomwelo kawiri.

Kunjuta kumathandizanso pa vuto lina la dziko lathuli. Kasungu ndi wathyathyathya. Kupatula phiri loima lokha pafupi ndi tauni, maso amangopita mpaka kumene mtambo wakumana ndi nthaka, ndipo mzere umenewo umakonda kudula munthu pakhosi penipeni. Mukanjuta, mzere umatsikira m'chiuno kapena m'maondo, munthu n'kutalika, galu n'kupeza nkhope. Koma mwathawa mvula mwakumana ndi mame, chifukwa tsopano kumbuyo kwa mutu kuli mitambo yoyera ya Disembala. Kamera ikaona kuyera kumeneko imachepetsa kuwala, nkhope ya munthu n'kusanduka chikuni chopserera, mano okha waliwali. Pa nthawi ya filimu vutoli linali lalikulu, pakuti kwa zaka zambiri a Kodak ankayesera mitundu ya zithunzi pa khadi la mayi wachizungu. Mafoni a Tecno ndi Itel amene adzaza m'misika yathu amaligwira bwino khungu lakuda, komabe muyenera kudina pankhope kuti foni idziwe chimene mukufuna. Ndipo chonde zimitsani kaja kosalalitsa nkhope. Kamafufuta makwinya a munthu amene wapsa ndi dzuwa la m'munda zaka makumi anayi, kumusandutsa chidole.

Galu naye ali ndi vuto lake la mtundu. Agalu athu ambiri ndi ofiirira ngati dothi lomwe amagonapo, kotero pabwalo losesa amangosungunuka. Fodya wobiriwira ndiye amamutulutsa bwino. Koma imani m'mphepete mwa munda, osalowetsa galu m'mizere. Tsamba lililonse lothyoka ndi ndalama ya ku okushoni ya Chinkhoma, ndipo mwini munda sadzaseka nanu.

Situdiyo yabwino koposa m'dera lonseli, m'kuona kwanga, ndi chigafa. Mu Disembala chimakhala chopanda kanthu, fodya asanayambe kuthyoledwa. Denga laudzu limatchinga dzuwa lapamutu, m'mbali muli pululu, ndiye kuwala kumalowa chopingasa, kofewa, kumayenda pa tsaya la munthu ndi pa ubweya wa galu mofanana. Mitengo yake imapanga mizere yolondolera diso mkati. Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo ku Bamako mu 1948, zambiri mwa zithunzi zake zotchuka anazijambulira pabwalo la nyumba yake ndi kuwala kwa dzuwa, anthu atagwira wailesi kapena atatsamira njinga yamoto, monga malume anga. Ankakonda dzuwa kuposa magetsi. Tsoka lake, anthu athu amafuna khadi dzuwa lili paliwombo, akungotuluka m'tchalitchi, zovala zisanade. Nthawi imeneyo maso amalowa m'maenje a mthunzi ndipo galu ali wefuwefu, lilime panja. Apempheni adye kaye mpunga wawo. Cha m'ma 4 koloko, makamaka mvula ikangokata, masamba akunyezimira, ndi pamene dzikoli limavala.

Pali china chimene galu amabweretsa pa chithunzi, chomwe mwina n'chimene chinkawaopsa malume ndi ojambula akale aja. Khirisimasi kwa mlimi wa fodya imagwa pa nthawi yoipa. Ndalama za msika wapita zinathera ku feteleza, msika wina ndi wa mu Epulo, ndipo m'nkhokwe chimanga chayamba kuoneka pansi. Malaya munthu atha kubwereka. Nthiti za galu sizibwerekeka. Mukafuna kudziwa mmene chaka chinalili pakhomo, werengani nthiti zimenezo. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'buku lake la mu 2009 la The Boy Who Harnessed the Wind, anasimba za njala ya 2001 mpaka 2002, ndipo ambiri amene analiwerenga chimene sachiiwala ndi galu wake Khamba, amene anaonda mpaka William anakamumangirira kumtengo kutchire n'kumusiya. Filimu ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019, yomwe anaijambulira konkuno ku Kasungu, inamusunga galuyo m'nkhani. Wojambula amene wadula galu woonda kuti khadi likongole wachotsa mboni. Koma apa ndimadzikayikira ndekha, chifukwa khadi ndi la mwini wake, ndipo munthu ali ndi ufulu wofuna kukumbukiridwa atatchena, osati ali pa njala. Akanena kuti galu achoke, ndimajambula awiri: limene akufuna iwo, ndi lina pamene galu wabwerera.

Khirisimasi yapitayi ndinakawapeza malume atakalamba, njinga ija inatha kalekale. Ali ndi galu wina, wamkazi, khutu limodzi lodyeka ndi ntchentche. Ndinawakhazika pa mpando wandalema m'chigafa, ine n'kugwada m'fumbi buluku latsopano. Ndinatola zithunzi khumi ndi zinayi. Pa khumi ndi zitatu malume akundiyang'ana ngati ndine wa kalembera. Pa chimodzi chokha, mbuzi inalira kuseri kwa khola, ndipo onse awiri, munthu ndi galu, anatembenuzira mitu kumeneko nthawi imodzi. Nditawaonetsa, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti, "Nanga loyang'ana kutsogolo lili kuti?"