Gunda Ng'oma, Banja Likupita ku Likoma ndi Chizumulu

Gunda ng'oma, mnyamata iwe! Gunda mpanje, mbalule itsatire! Ndi-ndi-ndi, ndi-ndi! Lero tikutamanda ulendo usanayambike. Tikutamanda oukonza, tikutamanda chotinyamula, tikutamanda kumene tikupita. Banja lonse likuwoloka: agogo, makolo, ana, ndi wakumsana yemwe. Likoma akutiitana, Chizumulu akutikodola.

Tiyambe ndi inu, mayi a ana athu. Inu Msungamfundo, womanga ndalama pansonga ya chitenje! Inu Wosajomba-kubanki-m'khonde! Inu Mwerengakawiri! Munayamba kuponya masheya chimanga chili chiwisi m'munda, anzanu akuti Disembala ali kutali. Munati pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolowo lero ndi uwu. M'kope lanu zonse zili m'mizere: ya basi payokha, ya sitima payokha, ya malo ogona payokha, ya chakudya payokha. Pansi pake munalemba ina yosakhudza, chifukwa sitima ikachedwa tsiku lowonjezeralo limafunanso nsima yake. Fizi ya ana munaitsekera kwina, kuti tchuthi chisadye sukulu. Ulemu wanu, Mzati-wa-ulendo!

Ndi-ndi-ndi! Imirirani, amalume. Inu Mfunsanjira, inu Mdziwamphepo, inu Khutu-la-kudoko! Ndinu munatikumbutsa kuti safunsa anadya phula. Ndinu munatiuza za mwera, mphepo yakummwera imene imakalipa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, n'kudzutsa mafunde osanzitsa ndi akulu omwe. Munati ana aang'ono ndi agogo asayesedwe nawo. Munati tidikire tchuthi cha Khirisimasi, madzi atafunda, mango atapsa, koma tikonzekere mvula ndi namondwe wake. Ndinu munaimba foni kufunsa tsiku la sitima, n'kuimbanso sabata yonyamukira, poti sitima imadutsa kamodzi pa sabata kulowera mbali imodzi, ndipo woiphonya amagona padoko. Ndinu munasungitsa zipinda tisanachoke pakhomo. Ulemu wanu, Maso-akutsogolo!

Ndi-ndi-ndi! Agogo, khalani pomwepo, ng'oma ikupezani. Inu Mwinikamba, inu Nkhokwe-yoyenda, inu Sagonetsa-mdzukulu-ndi-njala! Mwakazinga mtedza ndi chimanga, mwaotcha mbatata, thobwa mwathira m'chigubu. Mwapinda maneti atatu, chifukwa udzudzu wakunyanja suona kuti uyu ndi mlendo. Mwaika majuzi ngakhale kukutentha, poti mphepo ya pamwamba pa sitima usiku imalowa m'mafupa. Ulemu wanu, Mthunzi-wa-adzukulu!

Ndi iwe chisamba chathu, Msungamatikiti, Mwerengamitu! Udzagwira dzanja la mng'ono wako pokwera basi ku Lilongwe, podutsa ku Salima, podutsa ku Nkhotakota, mpaka tikaone madzi a ku Nkhata Bay. Ndi iwe mzime, Mfunsazonse, amene wakhala ukufunsa ngati chilumba chimayandama: ukaponda wekha, ukamva kuti ndi mwala.

Sintha kagundidwe, mnyamata! Gu-gu-gu, gu! Akubwera Ilala. Inu Chiswamafunde, inu Nkhalamba-yosatopa, inu Mnyamulazonse! Munasulidwa ku Glasgow, ku Scotland, mu 1949. Munabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, anakulumikizani ku Monkey Bay, ndipo chiyambire 1951 mukulima nyanja kuchokera kummwera mpaka ku Chilumba. Dzina munalitenga ku Ilala, dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalira mu 1873. Inu Msika-woyandama: pansi panu matumba a chimanga ndi a usipa, malata, simenti, njinga, nkhuku m'madengu; pamwamba panu ophunzira, amalonda, anamwino, alendo akutali, ndi ife. Inu Mlatho-wa-anthu-apachilumba! Mukaima pakati pa madzi usiku, n'kutsitsa mabwato anu aang'ono, timaona ulemu wa anthu akunyanja. Tochi ikuwala pamakwerero. Mayi akumangitsa mbereko kawiri. Bambo amene sitikumudziwa dzina, ali chiimire m'bwato logwedezeka, akutambasula manja n'kulandira mwana wathu ngati dengu la mazira. Kenako nsapato m'manja, mapazi m'madzi ofunda, mchenga pansi. Tafika!

Gu-gu-gu! Moni, Chizumulu. Inu Mng'ono-wa-Likoma, inu Mapiri-awiri-m'madzi, inu Woyendedwa-ndi-mapazi! Ndinu wochepa, masikweya kilomita atatu okha m'bwalo lanu lonse, koma mumadyetsa ana anu. M'mbali mwa mapiri anu chinangwa chili mbwee, pamiyala makaka akuuma, m'miphika kondowole akutakasidwa ndi mkono wamphamvu. Inu Mlankhula-Chitonga, inu Mudzi-wa-nyali! Dzuwa likalowa asodzi anu amapalasa kupita pakati, amayatsa nyali kuitana usipa, amazinga ndi chilimila. Ana athu adzadzuka m'bandakucha kukaona mabwato akukocheza, adzaona usipa ukuyanikidwa pathandala, ndipo adzadziwa kumene ndiwo zakumsika zimachokera ndi thukuta limene limazitulutsa m'madzi.

Gu-gu-gu-gu! Tikugwada, Likoma. Inu Mwinimalambe, inu Mfumu-yokhala-pamwala, inu Malawi-wa-pakati-pa-madzi-a-eni! Mwazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo woima pagombe lanu lakummawa amaona mapiri ndi nyumba za ku Cobue ndi maso ake. Komabe ndinu wathu, chifukwa pamene Britain ndi Portugal ankadula malire mu 1891, mishoni ya Anglican inali itakhazikika kale pa inu kuyambira 1885, ndipo munatsalira mbali ino pamodzi ndi mng'ono wanu. Inu Boma-la-zilumba-ziwiri! Ku Mbamba kuli msika wanu, m'misewu yanu mango akugwa okha, pansi pa milambe yanu akuluakulu akusoka maukonde. Inu Mphunzitsi-wa-kale, amene munatulutsa ansembe, aphunzitsi ndi akalaliki n'kuwatumiza kumtunda konse! William Percival Johnson anayenda m'magombe anu zaka makumimakumi. Chauncy Maples anakukondani, ndipo anamira m'nyanja mu 1895 akubwerera kwa inu atangodzozedwa ubishopu.

Chepetsa dzanja, mnyamata, tikulowa m'nyumba ya Mulungu. Inu Tchalitchi cha Petulo Woyera, inu Phiri-lomangidwa-ndi-manja, inu Mzimitsamoto! Mwaima pa Chipyela, pamene kale ankatenthapo anthu oganiziridwa ufiti. Mwala wanu wa maziko unaikidwa mu 1903, munapatulidwa mu 1911, ndipo Frank George amene anakujambulani anamanga pamodzi ndi amuna ndi akazi apachilumba, osenza miyala pamutu. Pamalo a kulira anaikapo kuimba. Tidzalowa ndi ana athu atavala zoyera, adzakweza maso kuona mawindo amitundumitundu, adzakhudza mipando yosema pamwala, ndipo agogo adzawauza kuti zazikulu zotere zinamangidwa ndi anthu akuda ngati iwo, kuno kwathu, kopanda makina.

Kweza tsono! Ndi-ndi-ndi, gu! Inu Nyanja, mayi wa zilumba! Inu Wozama-mamita-oposa-700, inu Mwini-mitundu-ya-nsomba-yoposa-nyanja-zonse-zopanda-mchere! Inu Msungambuna, zobiriwira ndi zachikasu zosewera m'miyala mwana akuziona ndi maso. Inu Mwinichambo, Mwinikampango, Mwini-utaka! Pamwamba panu nkhwazi imalira itapinda khosi, patali nkhungu zimakwera kuchoka m'madzi mlendo n'kuyesa moto. Tikukutamandani ndipo tikukuopani. Tisanasambe tidzafunsa eni mudzi pamene pali pabwino ndi pamene pamabisala ng'ona. Tidzapewa madzi odikha am'bango, kumene nkhono zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo tikabwerera tidzapita kuchipatala kukayezetsa. Mwana sadzalowa m'madzi popanda wamkulu, sadzakwera bwato popanda jekete yoyandamitsa. Pepala la pulasitiki limene tidzabwere nalo tidzabwerera nalo.

Ndipo malipenga akadzalira, amuna atavala zoyera zokhazokha, akabudula ositidwa, masokosi ofika m'mawondo, zipanda zili pakamwa, ng'oma yaikulu ikugunda pachifuwa, tidzaima m'bwalo banja lonse. Amayi achioda akadzalowa, mayi a ana athu adzamanga chitenje m'chiuno, agogo adzaimba nthungululu.

Imvani tsono, inu mabanja a ku Ndirande ndi ku Kawale, a ku Chipata ndi ku Tete, inu amene mumabwera ku Khirisimasi kuchokera ku Johannesburg ndi ku London! Zilumba izi sizinaikidwe kuti azidzazijambula alendo akutali okha. Mwana amene waloweza Likoma pamapu a m'kalasi ayenera kukamuponda ndi phazi. Tsegulani kope, lembani mizere, ponyani sheya yoyamba mwezi uno, funsani za mphepo, funsani za sitima. Tengani agogo akadali ndi mphamvu zokwera makwerero, tengani ana akadali ofunsa mafunso. Nyamukani, kaoneni dziko lanu!